Kodi dzina la Zimmermann likugwirizana ndi Zimbabwe?

Funso: Akonzi, ine ndimakhoma mipando ndi makabati kuno ku Glen View, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Kasitomala wanga wina ndi mzungu wa ku Germany, pa lisiti analemba kuti Zimmermann. Anzanga pa shedi akulimbikira kuti makolo ake anabadwira kuno n'chifukwa chake dzinali likuyamba ndi Zim, zoona zimenezi? Wowerenga, Mufakose.

Yankho: Achimwene, anzanuwo awuzeni kuti ayi ndithu, zangofanana zilembo basi. Zimbabwe ndi Chishona, nyumba za miyala, ndipo dzikoli latenga dzinali mu 1980 pomwe a Zimmermann analipo kalekale, ngakhale nduna ya Germany yoona zakunja mu 1917 inali Arthur Zimmermann. Komanso eni akewo Z uja satchula ngati ife, amati ts, ndiye limamveka ngati Tsimaman.

Koma chomwe chandisangalatsa n'choti funsoli lachokera kwa inu, chifukwa Zimmermann ndi kalipentala! Lero Zimmer amatanthauza chipinda koma kale mawuwa amanena matabwa omangira nyumba, Mann ndiye mwamuna. Kungoti si kalipentala wa mipando ayi, uyu ndi uja amakwera pamwamba kukhoma mitanda ndi phaso la denga, nyumba zambiri zakale ku Germany mafupa ake ndi mitengo yikuluyikulu yolumikizana ndipo mpaka pano zilipo. Wa mipando ndi makabati ngati inuyo amamutcha Schreiner kummwera, Tischler kumpoto, ndipo awanso ndi mayina a mabanja.

Ife tinazolowera kuti Phiri, Banda, Mwale ndi mfunda, umakuuza mtundu wa munthu. Kwawoko mayina a mabanja anayamba kukhazikika cha m'ma 1100 kupita mtsogolo pamene matauni amakula, a Hans atachuluka mumsewu umodzi anthu amangoti Hans kalipentala uja, Hans wa kuchigayo uja, kenako ana ndi zidzukulu n'kulitenga ngakhale sanagwirepo sowo. Ndiye Müller, lomwe ndi lofala kuposa onse, ndi wa chigayo, Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala. Choncho a Zimmermann awiri musathamangire kuti ndi pachibale, mudzi uliwonse unali ndi kalipentala wake. Mukaliona ndi n mmodzi kumapeto nthawi zambiri ndi a ku America.

Akabweranso kudzatenga katundu muwafunse ngati kubanja kwawo alipo amene akugwirabe ntchito ya matabwa, mucheze nawo bwinobwino.