Funsani Azakhali: Kudya ku lesitilanti ya zakudya za ku Italy

Azakhali,

Ndine mtsikana wokhala ku Luwinga muno mu Mzuzu, ndipo posachedwapa ndilandira digiri yanga pa Mzuzu University. Makolo anga adzabwera kuchokera kwathu ku Dowa kudzaonerera mwambowu, ndipo ndikulakalaka nditawathokoza powatengera ku lesitilanti ina yomwe imaphika zakudya za ku Italy. Koma mtima ukundikayikitsa. Kwathu ndife a Seventh Day Adventist, ndipo bambo ndi mkulu wa mpingo: nkhumba sadya, mowa sayandikira n'komwe. Mayi nawo amati tsiku limene sanadye nsima ndiye kuti agona ndi njala. Ineyo ndinalowapo pamalo otere ku Lilongwe, koma zolembedwa pa menyu sindinazimve, ndipo supageti amene anandipatsa anali wolimba ngati waphulidwa asanapse. Kodi ndisinthe maganizo?

Wowerenga wa ku Luwinga

Mwanangu,

Ndakondwa nawe, ndipo maganizo usasinthe. Makolo amene anavutika kukulipirira sukulu ayenera kukhala pansi tsiku limodzi, wina n'kuwaphikira ndi kuwaperekera chakudya mwaulemu. Chimene chingawononge tsikuli ndi kufika pamalopo usanafunse kalikonse. Choncho upiteko wekha kukadali masiku awiri kapena atatu, nthawi imene makasitomala ali ochepa, ukapemphe menyu, ukhale pansi ndi woperekera zakudya, ndipo ngati n'kotheka ukaonane ndi wophika mwiniwakeyo. Za Sabata ukuzidziwa kuposa ine, koma ngati mwambo ugwa Lachisanu, ukonze zoti mudye masana dzuwa lisanapendeke.

Menyu inakusokoneza chifukwa Ataliyana sayala chakudya monga timachitira ife. Kwathu nsima ndi ndiwo zimafika pamodzi, ndipo china sichidyeka popanda chinzake. Iwo amadya motsatizana, mbale ina ikachoka n'kubwera ina. Pamwamba pa menyu upeza antipasti, tizakudya toyambira monga buledi wowotcha wothira tomato, adyo ndi mafuta a olivi. Kenako pali primi, kumene kuli pasta, mpunga ndi supu. Pambuyo pake secondi, kumene kuli nyama ndi nsomba. Ndiye contorni, zomwe ndi masamba kapena mbatatesi zodyera pambali. Pomaliza dolci, zotsekemera. Palibe amene adzakukakamize kuitanitsa zonsezi, ndipo ku Italy komweko chakudya chathunthu chotere chimakhala cha Lamlungu kapena cha paphwando. Zofunika kukumbukira ndi ziwiri. Mbale ya pasta ndi chakudya chokwanira pachokha, msuzi wake uli momwemo, ndiye makolo asakhale kudikira ndiwo pamene pasta ikuzizira. Komanso ukaitanitsa nyama kapena nsomba, mwamwambo wawo imabwera yokha, choncho ufunse ngati pamalopo amaiperekeza ndi mbatatesi kapena uyenera kuitanitsa padera.

Nkhani ya bambo ndiyo yofunika kuisamala kwambiri, chifukwa m'zakudya za ku Italy nkhumba kawirikawiri siitchulidwa ndi dzina lake, ndipo nthawi zina siioneka n'komwe m'mbale. Prosciutto ndi mwendo wa nkhumba wothira mchere n'kuumitsidwa kwa miyezi yambiri, woduladula mopyapyala kwambiri. Pancetta ndi nyama ya pamimba pa nkhumba, guanciale ndi tsaya lake, ndipo salami, mortadella ndi pepperoni yomwe amaika pa pizza nthawi zambiri zimakhala za nkhumba. Carbonara, pasta yotchuka ya mumzinda wa Rome, imaoneka yosalakwa chifukwa msuzi wake ndi wa mazira, tchizi ndi tsabola wakuda, koma kukoma kwake kumachokera ku mafuta a tsaya la nkhumba. Amatriciana, pasta ya msuzi wa tomato, nayo imaphikidwa ndi tsaya la nkhumba. Chomwe chimakola ambiri ndi bolognese ndi lasagne, popeza munthu amaona nyama yogaya ya ng'ombe n'kukhazikika mtima, chonsecho kaphikidwe ka ku Bologna kamayamba ndi kukazinga pancetta, kenako n'kuthiramo vinyo. Ophika ena kuno amagwiritsa ntchito ng'ombe yokha, koma zimenezo ungazidziwe pokhapokha utafunsa.

Vinyo naye amabisala. Amathiridwa mu risotto, chakudya chawo cha mpunga, mpungawo ukangokazingidwa, m'misuzi yambiri ya nyama, ndiponso mu tiramisu, chakudya chotsekemera chomalizira, ophika ambiri amaikamo vinyo wotsekemera kapena chakumwa china chaukali pamodzi ndi khofi. Wina akakuuza kuti mowa wonse umauluka pamoto, usavomere msanga, chifukwa kuphika kumauchepetsa koma sikuuchotsa wonse, ndipo kwa munthu amene amaupewa chifukwa cha chikhulupiriro kuchepako sikuthetsa nkhani. Upewenso mbale iliyonse yolembedwa frutti di mare, gamberi kapena calamari, chifukwa ndi zamoyo za m'nyanja zopanda mamba, zomwe mpingo wanu sudya. Ngati pali nsomba ya tsikulo, ufunse ngati ndi chambo kapena kampango, chifukwa kampango alibe mamba.

Usaope kuti bambo asowa chodya. Zakudya zambiri za kum'mwera kwa Italy zinachokera m'makomo a anthu osauka amene nyama ankaiona mwa apo ndi apo, ndipo ndi zomwezo zimene ine ndimaziona kuti n'zokoma koposa. Pali spaghetti al pomodoro wa tomato ndi masamba onunkhira a basil, pali aglio e olio wa adyo, mafuta a olivi ndi tsabola pang'ono, pali pizza Margherita ya tomato, tchizi ndi basil, palinso biringanya wowotchedwa mu uvuni ndi tomato ndi tchizi. Funso lako likhale lolunjika: "Kodi muli nkhumba, mafuta ake, kapena vinyo?" Wophika wodziwa ntchito yake sakhumudwa nalo funso limeneli, ndipo ngati ayankha mozemba, ufune malo ena kukadali nthawi.

Kwa mayi, funsa ngati amaphika polenta. Chimanga chinafika ku Italy kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500, ndipo alimi a kumpoto kwa dzikolo, m'zigawo za Veneto ndi Lombardy, anayamba kuphika ufa wake m'madzi owira, akuvundula ndi mthiko mpaka kulimba. Ndi m'bale wake wa nsima yathu ya mgaiwa, kungoti nthawi zambiri imakhala yachikasu, yothira mchere ndiponso yofewerapo, ndipo imadyedwa ndi nyama yamsuzi kapena bowa. Si lesitilanti iliyonse imene imakhala nayo, n'chifukwa chake kupitako pasadakhale kuli kothandiza, poti wophika akadziwa angathe kukukonzera. Ikasowa, gnocchi, timibulu tofewa ta mbatatesi ndi ufa wa tirigu, timakhutitsa bwino. Ukawaitanitsira risotto uwachenjeze kuti sadzaona mpunga woyoyoka ngati Kilombero wa ku Karonga: mpunga wake ndi wa njere zazifupi, monga Arborio wa m'chigwa cha mtsinje wa Po, ndipo umaphikidwa dala kuti ukhale wofewa ndi wogwirana. Komabe, mwanangu, usalimbane ndi mayi pa nkhani ya nsima. Uwaphikire kunyumba pa chakudya china cha tsikulo, kuti akakhala patebulo paja alawe zachilendozo ndi mtima wokhazikika.

Supageti wa ku Lilongwe uja mwina anali wakupsa ndithu. Pasta youma ya ku Italy imapangidwa ndi tirigu wolimba wotchedwa durum, ndipo dzikolo linakhazikitsa lamulo la zimenezi m'chaka cha 1967. Ataliyana amaiphula ikadali yolimbirako pang'ono pakati, chomwe amati al dente, kuti isaphwanyike poisakaniza ndi msuzi ndiponso kuti itafunike. Ukaiduka n'kuona kadontho koyera kouma ngati ufa pakati, pamenepo ndiye kuti yaphulidwa msanga ndipo uli ndi ufulu woibweza. Ngati makolo ali ndi vuto la mano, upemphe poitanitsa kuti aifewetse.

Za kadyedwe zisakudetse nkhawa. Supageti amapotera ku foloko pang'onopang'ono m'mphepete mwa mbale, ndipo pizza ambiri amadya ndi manja, choncho upemphe madzi osamba m'manja monga mwa mwambo wathu. Pa za ndalama, mbale zodula kwambiri ndi zimene zili ndi zinthu zoitanitsa kunja, monga tchizi cha Parmigiano Reggiano chomwe chimasungidwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe. Ufunse ngati mitengo ya pa menyu yaphatikiza kale msonkho wa VAT, uwerengere zakumwa, ndipo bilu ukalipire pakauntala makolo asakuona, chifukwa ndikuwadziwa makolo athu: akaona chiwerengerocho amayamba kuchiyerekeza ndi mtengo wa thumba la feteleza, chimwemwe n'kuchepa.

Azakhali,

Ine ndi mayi a kunyumba tinagula pizza pamalo ena, koma inabwera yopyapyala, m'mphepete muli mawanga akuda, pamwamba pali tomato, tchizi pang'ono ndi masamba ochepa. Imene tinazolowera imakhala yonenepa ndi yodzaza nyama. Kodi sanatibere?

Bambo wa ku Katoto

Bambo,

Mmene mwafotokozeramu, munapatsidwa pizza ya kaphikidwe ka mumzinda wa Naples, komwe chakudyachi chinachokera, ndipo sindikuona kuti munaberedwa. Kumeneko mtanda wake ndi ufa, madzi, mchere ndi yisiti basi, umasiyidwa maola ambiri kuti ufufume, kenako umatambasulidwa ndi manja. Uvuni wake ndi wa nkhuni, wotentha madigiri oposa 400, ndipo pizza imapsa m'masekondi 60 mpaka 90. Moto woopsa chotere ndiwo umasiya mawanga akuda m'mphepete uku m'kati muli mofewa. Zoika pamwamba zimachepa dala, chifukwa zikachuluka zimatulutsa madzi ndipo mtanda sungapse m'nthawi yochepayo. Anthu a ku Naples amaunyadira kwambiri mwambowu, moti m'chaka cha 1984 anakhazikitsa bungwe loteteza kaphikidweka, ndipo mu 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaika luso la ophika pizza a mumzindawo pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Imene munadyayo ndi Margherita, yomwe anthu amaigwirizanitsa ndi ulendo wa Mfumukazi Margherita ya ku Italy ku Naples mu 1889, ndipo kufiira kwa tomato, kuyera kwa tchizi cha mozzarella ndi kubiriwira kwa basil ndiyo mitundu ya mbendera ya Italy. Yonenepa imene munazolowera inatchuka kudzera ku America, ndipo kuikonda si kulakwa. Chokha choyenera kudandaula n'chakuti pansi pake pakhale popserera ponse mpaka kuwawa, kapena pakati pakhale paliwisi.

Azakhali,

Nditatha kudya ndinaitanitsa khofi chifukwa kunja kunkazizira, koma anandipatsa kakapu kakang'ono kosakwana ngakhale kumeza katatu, kowawa kwambiri. Ndinachita manyazi kufunsa.

Wowerenga wa ku Chibavi

Mwanangu,

Ameneyo ndi espresso, ndipo kwa Mtaliyana ukangoti khofi ndiye watanthauza ameneyo. Makina amakankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa m'khofi wogayidwa mosalala, n'kutuluka mamililita pafupifupi 25 okha, amene amamwedwa nthawi yomweyo, ambiri atathiramo shuga. Pa kuzizira kwa Mzuzu kwa mwezi wa June ndi July, ngati ukufuna kapu yoti uifumbate n'kumamwa pang'onopang'ono, upemphe americano, yemwe ndi espresso wowonjezera madzi otentha, kapena cappuccino wokhala ndi mkaka wa thovu. Ku Italy cappuccino amamwa m'mawa, koma pano palibe adzakuletse kumwa madzulo. Ufunsenso kumene khofiyo wachokera. Ataliyana amatchuka ndi kukazinga ndi kufulula khofi, koma mbewuyo amaitanitsa kunja, pamene kuno kumpoto alimi a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi kumapiri a Nkhata Bay amalima khofi wa mtundu wa arabica yemwe amagulitsidwa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Ngati malowo ali naye, upemphe kuti akufululire ameneyo, ndipo ngati khofi amakusowetsa tulo, umwe masana.