Pansipo usabowolepo, mphwanga

Eya, moni nonse pagulupa. Mphwanga wa ku Joni, uthenga wako ndaumva, kungoti ndinali pa ntchito ku Senga Bay. Ukuti ukufuna kudula chipinda chochezera ndi khoma la matabwa ndi bolodi kuti mlongo wako akabwera apeze pogona, koma kunsi kwa matailosi kuli zija zotenthetsa nyumba mu Juni. Ndiye ukufunsa ngati ungakhomere thabwa lapansi ndi misomali ya konkire monga timachitira kuno.

Ayi. Dirilo isayandikirepo, msomali usayandikirepo.

Kuno ku Salima kunsi kwa simenti kuli dothi basi, mwina ndi chiswe, ndipo zotenthetsa pansi dzuwa la Okutobala limatichitira ulere. Kumeneko ndi nkhani ina. Nyumba zomwe ndinkagwiramo ku Joni zambiri zinali za magetsi: kawaya kopyapyala kokhotakhota, kogona m'simenti yomatira matailosi momwemo, moti ukangopyoza tailosi wakapeza kale. Zina zimakhala za mapaipi apulasitiki a mamilimita 16 oyenda madzi otentha, otalikirana masentimita 15 kapena 20, ndipo simenti ya pamwamba pake imatha kukhala masentimita 3 kapena 4 okha. Ukadula waya, chipinda chonse chazizira, poti wayayo ndi mmodzi kuyambira koyamba mpaka kothera. Paipi ndiye yoipa kwambiri. Sikuluwu imatseka bowo lake lomwe, madzi n'kumanyowetsa pang'onopang'ono iwe osadziwa kanthu, mpaka tsiku lina matailosi ayamba kulira ngati ng'oma ukapondapo. Kukonza kwake n'kuswa pansi, palibenso njira ina.

Ndiye choyamba dziwa kuti zako ndi ziti. Ukapeza kabokosi kamene mwalumikizana mapaipi ambiri okhala ndi timipopi, ndi zamadzi. Ngati pali kaswitchi kolamulira kutentha (thermostat) kokha pakhoma, kawirikawiri ndi zamagetsi. Mmawa pansi pali zii, yatsa, upukute ndi nsanza yonyowa, ukhale pansi uziyang'ana. Mizere yoyamba kuuma ndi momwe mwadutsa kutentha, uikemo tepi. Kamera ija yoona kutentha imaonetsa bwino kuposa nsanza, mapulambala ena ali nayo. Koma ndimve bwino apa: sindikuti ukaona mizere ndiye ubowole pakati pake, ayi. Ndikufuna khoma ligone m'mpata, motsatana ndi mizereyo. Makamaka ngati ndi zamagetsi, chifukwa waya wopsinjidwa ndi khoma amasowa kotulutsira kutentha, amatha kupsa. Ngati khomalo lidutsa mopingasa mawaya, itana wa zamagetsi aone usanagule ngakhale thabwa limodzi.

Tsono mphamvu ya khomali ichokera kumwamba ndi m'mbali. Thabwa lakumwamba ulimange m'mitanda ya siling'i, osati m'bolodi. Am'mbali awiri uwamange m'khoma la njerwa ndi mapulagi, koma usabowole kunsi kwa thermostat, waya wake amatsika molunjika pamenepo kupita pansi. Lapansi lokha ndi la guluu, uja wa m'chubu womatira zomangamanga. Tsuka matailosi ndi sipiliti, polishi yense achoke, paka guluu, tsindika thabwa, usanjikepo njerwa kapena zidebe zamadzi. Zotenthetsa zikhale zozimitsa mpaka guluu atagwira, nthawi yake yalembedwa pachubupo, usachite phuma.

Matabwa oimirira atalikirane masentimita 60, kuyeza pakati ndi pakati, poti Rhinoboard, bolodi lokutira khomalo, m'lifupi ndi mita 1.2. Uwadule othina pang'ono kuti azilowa ndi hamala, azikankha thabwa lapansi, koma osati mpaka kutukula siling'i. Ndipo tayezako masikuluwu ako. Thabwa lapansilo kuchindikala kwake ndi mamilimita 38 okha, sikuluwu yaitali ituluka kunsi n'kukachita chomwe tikuthawacho. Matabwa agule ouma, aiwisi amapindika akamva kutentha.

 

Chitseko, pamenepo ndi pomwe makoma aguluu amagwedera, poti thabwa lapansi laduka ndipo ana amamenyetsa. Chiike kufupi ndi khoma la njerwa, mbali ya mahinji uphatikize matabwa awiri.

China, thermostat itsala mbali imodzi, ndiye chipinda chimenecho ndi chomwe chizilamula kutentha kwa zonse ziwiri. Mlongo wako akamadandaula kuzizira usamuyese wamatama.

Komanso nyumbayo ndi ya lendi, si choncho? Alandilodi avomere kaye, ndipo avomere molemba, ngakhale pa WhatsApp pompo, kuopa dipoziti yako. Uwafunsenso ngati ali ndi pepala losonyeza momwe mawaya anayalira, ena amasunga.

Unditumizire zithunzi za thermostat, za siling'i ndi za pomwe ukufuna khoma lidutse, ndizione madzulo ano. Upereke moni kwa apongozi.