Mvula ikagunda malata, mtima umathamanga

Mayi wina wa cha ku Muloza, ku Mulanje, wandilembera imelo. Akuti chigumulireni nyumba yawo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madzi n'kutenga mchimwene wawo, mvula ikangoyamba kugunda malata mtima umathamanga, tulo osabwera. Namwino anawauza kuti akaonane ndi phungu wothandiza anthu ovutika maganizo, koma amuna awo akuti, "Ukakacheza ndi munthu wachilendo, mlongo wakoyo adzuka?" Ndiye akufunsa: kulankhula kokha kungachize chiyani? Nanga phunguyo sakaulula?

Mayi, pepani kwambiri. Bambowo sananame, malemuwo sadzuka. Koma chikukusautsani si maliro okha. Thupi lanu linaphunzira usiku umodzi kuti phokoso la mvula ndi imfa, ndipo mpaka lero silinamve kuti madzi aja anaphwa. Maloto oipa, kudzidzimuka, kupewa malo kapena nkhani yake, zikapitirira mwezi achipatala amazitcha PTSD. Si misala, si kuchepa chikhulupiriro.

Ine ndine phungu. Ambiri amalowa m'chipinda changa akuyembekezera ankhoswe, woti aweruze kapena kulangiza. Ntchito yathu si imeneyo. Tsiku loyamba mwina za namondweyo sitizikhudza n'komwe. Timayamba ndi kupuma: mapazi pansi, kukoka mpweya pang'onopang'ono, kutchula zomwe mukuona m'chipindamo. Nkhani imabwera pambuyo, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, mpaka thupi litavomera kuti izi zinachitika, sizikuchitikanso. Ndisakubiseni, masabata oyamba zimatha kuwawa ngati chilonda chikamatsukidwa. Ambiri amathawira pomwepa.

Kumbali yanga, chovuta n'kukhala chete. Munthu ali pamaso panga, akupotokola nsonga ya chitenje, maso pansi, mphindi zikungopita. Pakamwa panga pamayabwa kuti ndinene "limbani mtima". Ndimadzigwira. Mawu amenewa timawakonda pamaliro, koma amatseka munthu pakamwa asanayambe n'kuyamba komwe.

Mpando winawo ndinaukhalaponso. Bambo anga atamwalira ndinapita kwa phungu mnzanga katatu konse, n'kumangomuuza za kukwera mtengo kwa feteleza. Ulendo wachinayi anangofunsa kuti, "Munaonana nawo liti komaliza?" Ndinalira ngati mwana, ine amene ndimaphunzitsa anthu zimenezi. Ndinatuluka manyazi ali tho, koma usiku umenewo ndinagona.

Za chinsinsi: zomwe mwanena zimatsala m'chipindamo, kupatula ngati moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe. Mufunseni phunguyo zimenezi tsiku loyamba, ndi ufulu wanu. Mukaona kuti simukugwirizana naye, pemphani wina.

Yambirani pachipatala cha boma ku Mulanje, mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Musaope kuti akutumizani kuchipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba. Kumeneko kumapita odwala kwambiri, ambiri amathandizidwa akugona kwawo. Mankhwala amaperekedwa nthawi zina, koma si onse amawafuna. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire tsiku lomwe anakupatsani. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, mupite lero lomwe.

Bambowo musakangane nawo. Apempheni akuperekezeni kamodzi, ngakhale angodikira panja pa benchi. Usiku uja nawonso analimo m'nyumbamo, ndipo m'kalata yanu simunanene ngati iwo amagona mvula ikamagwa.