Funsani Tikuyankheni: Madayagilamu akundizunguza mutu

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndine mwana wasukulu ku sekondale, bayoloje ndimaikonda koma madayagilamu akundimaliza. Malebo a mtima ndimaloweza onse bwinobwino koma akangosintha chithunzi pang'ono pa mayeso basi mutu umaima. Komanso aphunzitsi a masamu anatijambulira timizere tozungulira tolowana tija ta Venn, akuti timathandiza kuganiza, ine sindikuona kuti tikuthandiza pati. Ndithandizeni chonde.

YANKHO: Mwafunsa bwino, ndipo vuto lanu si mutu ayi, ndi lakuti mukuloweza malo a mawu papepala m'malo momvetsa zomwe zikuchitika mkatimo. Lebo ndi dzina chabe. Chomwe chimanyamula nkhani ndi mivi ija, yomwe ambiri amangoilumpha.

Tengani pepala lopanda kanthu, buku mutseke. Jambulani bokosi muligawe panayi, mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, ndipo zisakudetseni nkhawa kuti sukuoneka ngati mtima weniweni. Kenako yambani kutsatira magazi ndi pensulo, achoka m'thupi atatha oxygen, alowa mbali ya kumanja, apopedwa kupita kumapapo, abwerako atatenga oxygen alowa mbali ya kumanzere, ndiye kuchoka apo apopedwa kupita thupi lonse mpaka kuzala zakumapazi. Muvi uliwonse lembani pambali pake kuti ukutanthauza chani. Mukafika apa mudzionera nokha chifukwa chake khoma la left ventricle, chipinda cham'munsi cha kumanzere, limajambulidwa lochindikala kuposa la kumanja, iyo ikukankha magazi ulendo wautali pomwe inzake ikungowafikitsa pafupi pomwepa kumapapo. Zimenezi simuloweza, mwaziona, ndiye ngakhale atembenuze chithunzi chadodolido muzipezabe.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa ana ambiri ndipo zimandipweteka chifukwa n'zosavuta kuwauza. Choyamba, mbali ya kumanja ya mtima pachithunzi imakhala kumanzere kwanu, chifukwa amajambula ngati munthuyo wayang'anizana nanu. Chachiwiri, mtundu wa buluu uja amajambulira mitsempha ina pachithunzi ndi chizindikiro chabe, magazi a munthu sakhala abuluu, omwe ali ndi oxygen wochepa amangokhala ofiira moderako. Dayagilamu imasiya dala zinthu zina kuti zina zioneke bwino, ndiye muzidzifunsa nthawi zonse kuti apa wojambulayu wasiya chani. Mwachitsanzo mabuku ambiri amaika mwezi pafupi kwambiri ndi dziko lapansi kuti zikwane patsamba, pomwe mtunda weniweni ndi pafupifupi makilomita 384,000, mungandandalike dziko lapansili pafupifupi ka 30 pakatipo.

Tsopano za Venn. John Venn anali wa ku England ndipo njira yakeyi anaifalitsa mu 1880, ngakhale katswiri wa masamu Leonhard Euler anali atagwiritsa kale ntchito zozungulira zofananako zaka zoposa 100 m'mbuyo mwake. Ntchito yake ndi kugwira bodza lomwe limamveka ngati zoona. Tamvani ichi: nsomba zonse zimakhala m'madzi, nangumi amakhala m'madzi, choncho nangumi ndi nsomba. Kukhutu zikumveka bwinotu eti? Ndiye jambulani chozungulira chachikulu mulembe kuti "zokhala m'madzi", mkati mwake kachozungulira kakang'ono mulembe "nsomba". Nangumi mumuika pati? Mawu aja angokuuzani kuti ali m'chachikulucho basi, sanakuuzeni kuti ali m'kakang'onoko, ndipo malo otsala alipo ambiri, momwe muli nkhanu ndi zina zotero. Ndipo zoonadi nangumi si nsomba, amapuma ndi mapapo, amabereka ana amoyo n'kumawayamwitsa.

Tibwerere ku dayagilamu ya mtima ija. Polemba malebo gwiritsani rula, mzere uzikhudza chinthu chenichenicho osati kulekera m'malere, mizere isapingasane, ndipo musaike mutu wa muvi pa mzere wa lebo chifukwa wowerenga aziganiza kuti pali chinthu chikuyenda. Mukamaliza mupatseni mnzanu pepalalo inu muli chete, akufotokozereni yekha ulendo wa magazi. Pomwe wakakamira ndi pomwe pakusowa lebo kapena muvi, konzani pomwepo mujambulenso.