Matikiti a pa screenshot ayi, achimwene

Achimwene musatumize ndalamayo. Munthu mwafunsa za iyeyu, amene akuti ali ndi matikiti anayi a kiriketi a ku Wanderers, bwalo la kuno ku Johannesburg, koma akutumizirani chithunzi chake pa WhatsApp mukalipira kaye, musiyeni ameneyo, olo akhale wa mudzi umodzi ndi inu, olo muzipemphera naye tchalitchi chimodzi. Ndangowerenga zomwe mwalembazi mtima wayamba kugunda, chifukwa zoti abwana ake amupatsa matikiti aulere koma iye kiriketi saikonda, ndi mawu omwewo amene ndinauzidwa ine mu Febuluwale 2023.

Chinali chaka choyamba cha SA20, ligi ya kiriketi ya kuno ku South Africa, ija inayamba mu Januwale ndi matimu 6. Ine ndinakula ndi mpira wamiyendo wa pa Kamuzu Stadium, za bat sindinkazilabadira, koma mwana wanga wamwamuna anabadwira konkuno ndipo kusukulu kwawo anamuyambitsa mini-cricket ali wamng'ono. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 10. Mwezi wonsewo m'nyumba munalibe kuonera china, madzulo aliwonse kiriketi basi. Timu yake inali Joburg Super Kings, achikasu aja a Faf du Plessis, ndipo atagonja mu semi ku Centurion tsiku lija Aiden Markram wa Sunrisers Eastern Cape anamenya ma run 100 (zigoli za kiriketi), mwana analira mpaka kukana nsima. M'mawa mwake anadzuka ndi nkhani ina, akuti adadi fainali ili pa Wanderers pompano, ndikufuna ndikaone Marco Jansen ndi maso anga. Mwanayo amaponya ndi dzanja lamanzere ngati Jansen yemweyo, wa Sunrisers, ndiye mukumvetsa. Ndinayang'ana pa intaneti, matikiti anali atatha.

Apa ndi pamene anatulukira bambo ameneyu. Sikuti anali mlendo wa pa Facebook ayi. Tinali naye mu chipereganyu chimodzi, kwathu anadyapo kangapo, mwana wanga ankamuti ankolo. Anamva ndikudandaula pagulu ndiye anandiitanira pambali, akuti akulu vuto lake n'chiyani, abwana anga ku Sandton andipatsa atatu, ndipatseni R1,200 yokha mwana akasangalale. Ndinatumiza pa eWallet madzulo omwewo. Zithunzi zitatu zinabwera, zooneka bwinobwino, tsiku, geti, mzere, nambala ya mpando, ka barcode kali poyera. Langa, la mwana, ndi la alamu anga amene anali atangofika kumene kuchokera ku Dedza.

Amene munalipo mukukumbukira mvula ya sabata imeneyo. Fainali inali ya Loweruka pa 11, bwalo linadzadza madzi, anaisuntha kuti ikhale Lamulungu pa 12. Ine ndimagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti, Lamulungu ndi tsiku limene sapereka off mwachisawawa. Ndinachonderera mnzanga wa ku Zimbabwe kuti andiimirire, ndalama ya tsiku limenelo inapita kwa iye. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero, bambo uja anandiimbira yekha Loweruka usiku, akuti musadandaule akulu, matikiti omwewo agwira ntchito mawa, mwanayo mumuuze agone bwino. Anaimba yekha! Ndi airtime yake!

Lamulungu mayi ake anadzuka m'mamawa kumusitira malaya. Mwana ananyamula ka bat kake ndi marker yoti osewera akamusainire. Tinakwera ma taxi mpaka ku Rosebank, kuchoka apo wapansi kutsata Oxford Road mpaka kukhotera Corlett Drive. Anthu anali mbwee, ena malaya a orange a Sunrisers Eastern Cape, ena a buluu a Pretoria Capitals, nyimbo zikumveka kuchokera mkati. Mwana ankayenda patsogolo pathu, kumangotembenuka kuti fulumirani. Tinaima pamzere nthawi yaitali ndithu. Titafika pageti ndinapereka foni, mayi wa pageti anaika kamakina kake, kanalira moipa n'kuyaka zofiira. Anati onjezerani kuwala kwa foni. Ndinaonjezera. Zofiira. Anayesa tikiti lachiwiri, zofiira. Lachitatu, chimodzimodzi. Kumbuyo anthu ayamba kung'ung'udza, wina akukankha, alamu anga Chingelezi cha kuno asanachizolowere angoti kakasi, akundiyang'ana ine kuti ndiwauze chikuchitika. Anaitana wamkulu wawo, bambo wodekha bwino, anayang'ana pamakina n'kundiuza motsitsa mawu kuti matikiti atatu onsewa analowa kale pageti lina kutangotsegulidwa. Anandifunsa ndinagula kuti. Nditamuonetsa WhatsApp anapukusa mutu, akuti bambo chithunzi munthu angatumize kwa anthu 20, amene wayamba kufika ndi amene amalowa, ena nonse makina akukanani. Anatipempha tiime pambali kuti mzere uyende. Iwo aja sindiwada, ankagwira ntchito yawo, ndipo sanatinyoze.

Mwana anandigwira dzanja n'kufunsa, adadi talakwa chiyani? Mawu anandithera. Ndinamuuza kuti dikira ndiwaimbire ankolo, pali polakwika pang'ono. Foni inalira mpaka kuduka. Kuimbanso, yazimitsidwa. Pa WhatsApp tick imodzi, chithunzi chake cha pa profile chasowa. Tili chiimire pa mpanda paja ndinamva Chitumbuka pambali panga, bambo ndi mkazi wake a ku Mzimba, nawonso maso ali pa foni. Patsogolo pang'ono anyamata awiri akutukwana m'Chichewa. Tinayandikirana, kuonetsana mafoni. Mzere womwewo. Mipando yomweyo. Nambala imene tonse tinatumizako ndalama, yomweyo. Mayi a ku Mzimba aja anangokhala pansi pa simenti ndi chitenje chawo n'kuyamba kulira, akuti inali mphatso ya tsiku lobadwa la amuna awo, anasunga kuchokera pa ntchito yochapa.

Masewero anayamba ife tili panja. Amene simunafikepo pa Wanderers, paja amapatcha Bullring chifukwa ma stand ake ndi aatali ndipo anazungulira pafupi, phokoso la mkati limakugunda pachifuwa uli mumsewu. Anthu akakuwa, mwana ankadumpha n'kufunsa, watuluka ndani, ndi six kapena wicket? Six ndi mpira womenyedwa m'mwamba mpaka kudutsa malire a bwalo, wicket ndi womenya akatulutsidwa. Mlonda wina amene ankatsatira pa foni yake anamumvera chisoni n'kumamuuza. Roelof van der Merwe wa Sunrisers watenga wicket ina. Watenganso ina. Capitals onse atuluka pa ma run 135. Mwana wanga anamvera theka la fainali kwa mlonda, atatsamira mpanda, bat ili kukhwapa. Kenako ananena yekha kuti adadi tiyeni tizipita. Tinabwerera ku Rosebank, tinaonera mapeto pa TV ya m'malo ena odyera, Sunrisers anapambana ndi ma wicket 4, Jansen wake uja akukumbatirana ndi anzake pa bwalo limene tinali titaima kunja kwake. Chips ndinamugulira sanadye. Mu taxi sanayankhule. Lolemba anati m'mimba mukupweteka sapita kusukulu, ine ndikudziwa kuti anali atauza kalasi yonse kuti akabwera ndi bat yosainidwa.

Tsono bambo ameneyu, ndikudziwa ali m'gulu muno kapena azibale ake alimo, ndipo amve. R1,200 si imene ikundiyankhulitsa. Munthu unadya m'nyumba mwanga, mwana anakutungira madzi osamba m'manja, iwe n'kumuimika pamsewu ngati wakuba pamaso pa anthu. Ndipo amasankha anthu ake mochenjera. Bambo a ku Mzimba aja nditati tiyeni limodzi kupolisi, anandiuza poyera kuti ine pasipoti inadutsa masiku, ndikakalowa kumeneko sindikatulukako. Anyamata awiri aja chimodzimodzi. Iye ankadziwa zimenezo. Amadziwa wa mapepala ndi wopanda mapepala chifukwa timauzana tokha pa misonkhano yathu, ndiye amabera amene sangakadandaule kulikonse. Umenewu ndi ufiti, palibenso dzina lina.

Anasowa miyezi, kenako ndinamuona pa msonkhano wa maliro, tikusonkha zotumizira thupi la mnzathu kumudzi, atavala jekete yatsopano, akuyendetsa mbale ya chopereka. Mbale ya chopereka, iyeyo! Nditaimirira kuti ndiyankhule, akuluakulu anandikhazika pansi, akuti pano ndi pa maliro, zimenezi tikambirana pachibale. Pachibale pakepo anabweza R300, akuti naye anapusitsidwa ndi munthu wina amene dzina lake sakulikumbuka. Nkhani inathera pomwepo, anandiuza ndikhululuke poti tonse tili kuchilendo. Mayi a ku Mzimba aja sanalandire olo R10. Akuluakulu athu, ulemu wanu ndimakupatsani, koma kubisa munthu woteroyu n'kumene kukuchititsa kuti lero achimwenewa afunse funso lomweli. Ndipo a admin, nthawi ija ndinalemba munafufuta mukuti tisatchulane maina. Lero sindinatchule dzina, musafufutenso.

Ndiye achimwene, gulani pa webusaiti yeniyeni ya mpikisano, tikiti libwere pa email yanu kapena pa akaunti yanu, osati pa gallery ya munthu. SA20 imachitika chilimwe cha kuno, chakumayambiriro kwa chaka, ndipo matikiti amayamba kugulitsidwa kukadali nthawi, ndiye gulani msanga, makamaka a Loweruka ndi Lamulungu ndi a fainali. Ngati khadi la kubanki mulibe, pemphani mnzanu wa kuntchito agule inu muli pomwepo, mumupatse cash.

Komabe ndinene zoona, atatha atha, ndipo mwana akakakamira umasowa pogwira. Fainali ya 2025 inabweranso pa Wanderers pa 8 Febuluwale, MI Cape Town ndi Sunrisers, ndipo ndinagulanso kwa munthu. Kasitomala wa kuntchito kwathu anali ndi awiri otsala. Ndinamuuza kuti ndalama ndili nayo m'thumba koma ndikupatsani tikadutsa geti, tilowe limodzi. Anavomera osakwiya n'komwe. Tinalowa, ndinalipira tili mkati, mwana anaona Kagiso Rabada akutenga ma wicket, MI Cape Town n'kupambana ndi ma run 76. Ndiye ngati mtima wanu wakana kusiya, wanuyo muuzeni zomwezo, mukumane pa Corlett Drive, alowe nanu, ana adutse kaye, ndalama pambuyo. Akayamba zoti ali busy tsiku limenelo, kapena tumizani theka kuti ndikusungireni, mwadziwa kale. Ndipo olo avomere, ana musawauziretu kusukulu kusanatsekedwe Lachisanu.

Chimene ambiri m'gulu muno sadziwa n'choti kiriketi ya ma over 20 (over imodzi ndi mipira 6) si SA20 yokha. Pali T20 Challenge ya Cricket South Africa, ya matimu a zigawo, ndipo imeneyo ndi imene inachiritsa mwana wanga. Lions ndi ya kuno ku Johannesburg pa Wanderers pomwepo, Titans ndi ya ku Centurion, Dolphins ku Durban, Warriors ku Gqeberha, Western Province ku Cape Town, Boland ku Paarl, Dragons ku Potchefstroom. Masewero ake ndi omwewo, mipira 120 mbali iliyonse, maola atatu mwamaliza, ndipo poti Joni ili pamwamba mpweya ndi wopepuka, mpira ukamenyedwa bwino umapita kutali, ma six mumawaona okwanira. Lions anatenga chikho chimenechi kawiri mu 2024, mu Epulo anagonjetsa Dolphins, mu Okotobala anagonjetsa Titans, mafainali onse awiri pa Wanderers. Osewera a Lions chaka chimenecho sanali achabechabe, anali omwewo a Proteas, timu ya dziko la South Africa, akakhala alibe ulendo, a Reeza Hendricks, a Rassie van der Dussen, a Ryan Rickelton, a Bjorn Fortuin, ndi anyamata ngati Nqaba Peter ndi Kwena Maphaka amene tinawaona akuyamba pomwepo asanaitanidwe ku timu ya dziko. Masiku amene ife tapitako, tikiti tinagula tsiku lomwelo pamtengo woti banja lonse likwanitsa, mipando yambiri ili yopanda anthu, mumakhala pamene mwafuna pafupi ndi chingwe. Zoimbaimba ndi zamoto za SA20 kumeneko n'zochepa, ena amati sikukoma, koma mwana amene akufuna kuona mmene munthu akugwirira mpira amaona bwino kumeneko. Bat ija inasainidwa pa masewero a Lions, wosewera anachita kubwera yekha pampanda ana atamuitana.

Mukakhala ndi ana ang'onoang'ono, yesaninso ku SuperSport Park ku Centurion, kuli kapinga woti mumayala nsalu n'kukhala pansi, ana akuthamanga, ndipo Gautrain imakusiyani pafupi. Lions ikakumana ndi Titans amati Jukskei derby, imeneyo musaphonye. Kungoti nyamulani majuzi ndi chofunda mvula, mukudziwa mabingu a kuno masana a chilimwe. Mvula kapena ziphaliwali zikayamba amaimitsa, amadula ma over, ndipo timu iliyonse ikapanda kumenya ma over osachepera 5 masewerowo alibe wopambana. Wogula tikiti pa dzina lake ndi amene angafunse za kubwezeredwa zikatero, wa chithunzi alibe pofunsa.

Ndandanda ya Lions ikatuluka ndidzaika muno. Amene mukufuna kutenga ana tidzakumane pa siteshoni ya Rosebank tiyende limodzi, ndipo bambo ndi mayi a ku Mzimba aja ngati mukuwerenga, ndilembereni ku inbox, matikiti anu awiri ndidzagula ine.