Kodi akalipentala a ku America ankangokopera za ku London?

Owerenga wina, amene ali ndi shopu ya ukalipentala, wanditumizira imelo. Akuti anaona zithunzi za makabati ndi mipando ya ku America ya m'zaka za m'ma 1700, ndipo kwa iye zonse zikuoneka ngati za ku England. Akufunsa ngati amisiri a kumeneko ankangokopera basi, komanso mmene akatswiri amasiyanitsira.

Achimwene, kukopera kunalipo ndithu. America inali m'manja mwa Britain, ndipo mafashoni ankawoloka nyanja kuchokera ku London, mochedwanso. Mipando ya miyendo yokhota yotchedwa Queen Anne inafala kumeneko cha m'ma 1730, mfumukazi Anne ya ku Britain itamwalira kale mu 1714. Buku la mapulani limene Thomas Chippendale, mmisiri wa mipando wa ku London, anatulutsa mu 1754 linawatenga mtima ambiri. Thomas Affleck, kalipentala wa ku Scotland, amene anakakhazikika ku Philadelphia mu 1763, anali nalo.

Koma mzinda uliwonse unali ndi makonda ake. A ku Philadelphia anakakamira highboy, kabati ya madirowa yoima pa miyendo yaitali, nkumaisema maluwa ndi masamba pamene a ku London anali ataitaya kalekale. Ine mtima wanga uli ku Newport, ku Rhode Island, kwa mabanja a Townsend ndi Goddard, a mpingo wa Quaker amene ankakwatirana okhaokha. Iwo kutsogolo kwa dirowa ankakugawa patatu: mbali ziwiri zotukuka, pakati polowa mkati, pamwamba nkusemapo chigoba cha nkhono. Ankachita kukumba thabwa lochindikala, ndiye ganizirani matabwa amene ankathera m'zipalapala. Desiki ina ya mtundu umenewu, yomwe inali ya Nicholas Brown wa ku Providence, inagulidwa madola 12.1 miliyoni ku Christie's, kampani yogulitsa katundu pa okushoni, mu 1989.

Katswiri akafuna kudziwa kwawo kwa kabati, amasolola dirowa nkuitembenuza. Kunja ankaika mtengo wodula, koma mkati mmisiri ankangotenga umene uli pafupi: ku Boston paini woyera, ku Philadelphia tulip poplar, ku Charleston cypress wa m'madambo. Anzawo a ku England ankakonda oak ndi paini wa ku Ulaya. Inu mukudziwa kale kuti kasitomala sayang'ana kuseri.

Mtengo woika kunja kwa kabatiwo nthawi zambiri unali mahogany, wachibale wa mbawa yathu. Sunkamera kumeneko. Unkachokera ku Jamaica ndi ku gombe la Honduras, ndipo ougwetsa ndi kuukoka m'nkhalango anali akapolo ochokera ku Africa. Newport yomweyo inali doko lalikulu la malonda a akapolo. Ku Charleston, buku la ndalama la kalipentala Thomas Elfe, amene anamwalira mu 1775, likuonetsa kuti anali ndi akapolo odziwa kucheka matabwa ndi kupanga mipando, koma dzina limene limatchulidwa pa katunduyo ndi lake lokha.