Bambo Anga Anawaika Kapaipi ka Mkodzo, Kachoka Liti?

Funso: Adokotala, bambo anga a zaka 68 anatsekeka mkodzo usiku wonse, ndipo kuchipatala anawaika kapaipi. Akuti vuto ndi prostate. Kodi akhala nako moyo wawo wonse? Nanga ine mwana wawo wamkazi ndiziwasamalira bwanji?

Yankho: Pepani ndi matendawa, mayi. Ambiri sakhala nako mpaka kalekale ayi. Prostate ndi chiwalo cha amuna okha; ili pansi pa chikhodzodzo ndipo yazungulira njira ya mkodzo. Mwamuna akapitirira zaka 50 nthawi zambiri imakhala itakula, n'kumafinya njirayo. Kukula kumeneku nthawi zambiri si khansa, komabe dokotala amafunika kuikhudza ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, mwinanso kuyeza magazi a PSA, omwe amathandiza kufufuza khansa ya prostate. Bambo asachite manyazi, n'zosachedwa.

Kawirikawiri timapereka tamsulosin wa 0.4 mg kamodzi patsiku, amene amamasula minofu ya panjirapo. Pakapita masiku angapo timachotsa kapaipiko kuti tione ngati akodze okha. Mankhwalawa amatha kuchititsa chizungulire, choncho azidzuka pang'onopang'ono. Mankhwala ena otchedwa finasteride amachepetsa prostate yeniyeniyo, koma amatenga miyezi ngati 6. Zikakanika pali opaleshoni ya TURP, yopala mbali yotsekayo kudzera m'njira ya mkodzo, osang'amba pamimba.

Chachikulu kunyumbako n'chakuti asakakoke. Kunsonga kwake, m'kati mwa chikhodzodzo, kuli kabaluni ka madzi pafupifupi 10 ml. Kakatuluka kali kofufuma kamang'amba njira, magazi n'kutuluka ambiri, ndipo chipsera chake chimadzatsekanso mkodzo. Thumba la mkodzo lizikhala pansi kuposa chiuno koma lisagunde pansi, chifukwa likakwera mkodzo umabwerera ndi tizilombo. Muzilikhuthula lisanadzaze, mutasamba m'manja. Tsiku lililonse azitsuka polowera kapaipi ndi sopo ndi madzi, ndipo ngati sanadulidwe azibwezera khungu kutsogolo akatsuka. Likatsalira kumbuyo limamanga nsonga n'kutupa. Azimwa madzi malita 1.5 mpaka 2, pokhapokha ngati dokotala anawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Funsaninso tsiku losintha: ka labala sikapitirira milungu 4, ka silikoni kamafika milungu 12.

Akatentha thupi, kunjenjemera, kusokonezeka mutu, kapena mukaona mibulu ya magazi, thamangani nawo kuchipatala. Thumba likakhala louma maola angapo pachinena pakutupa, onani ngati kapaipi sikanapindike. Ngati sikanapindike koma mkodzo sukutulukabe, pitani nawo kuchipatala, musadikire kuti kuche.